Titsekeredwe tonse kapena tibise agogo okha? Tiyerekeze njirazi mliri wina usanafike

Mwezi watha pa maliro ku Kapata mu Chipata, kuno ku Zambia, usiku amuna tili pa moto panja, nkhani inakhotera ku korona. Aphunzitsi ena opuma ntchito anati boma linalakwa kusatitsekera tonse m'nyumba monga anachitira ku South Africa, akuti anthu ambiri amene tinaika mu Juni ndi Julayi 2021 sembe alipo lero. Mnyamata wina wa salaula ku Saturday Market anangoseka, akuti atate inu muli ndi penshoni, ife kutitsekera sabata imodzi chabe maliro akanakhala a njala, nanga bwanji osabisa okalamba ndi odwala shuga ife n'kumasakila monga nthawi zonse? Anakangana mpaka tiyi anazizira mu ketulo. Ine ndinangokhala duu chifukwa njira ya mnyamatayo ndinaiyesa ndekha pa amai anga, ndipo m'mene inathera ndinena pansipa.

Boma lidzalengeza zake pa wailesi, koma zambiri zimagamulidwa pansi pano: a komiti ya tchalitchi, a komiti ya msika, mafumu ndi nduna zawo, a PTA, ndi inu amene m'nyumba mwanu muli agogo. Ndipo mliri sunathere pa korona ai, mu 2024 kolera inachedwetsa masukulu dziko lonse mpaka 12 Febuluwale. Ndiye ndi bwino kukangana manje mitu ili yozizira.

ZOYEZERA

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo, ndipo apa funso si lakuti ndi zingati chabe koma zituluka m'thumba la ndani. Kutheka kwake, kutanthauza ngati zofunika zake zipezeka m'makomboni a Mchini ndi Nabvutika kapena kumudzi ku Vubwi, osati ku London. Kuisunga, chifukwa tsiku loyamba aliyense amamvera, vuto ndi sabata yachisanu. Ndi zoopsa zake, ikalephera amafa ndani.

Koma musanayeze njira yezani matendawo. Korona inali kusankha ndi zaka, munthu wa zaka 80 akaitenga mpata woti afe unali woposa wa mnyamata wa zaka 20 kuwirikiza mazana. Inalinso ndi chinyengo chakuti munthu amayamba kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri asanamve n'komwe kuti wadwala. Fuluwenza ya mu 1918 inali ina, inagwetsa kwambiri anthu a mphamvu a zaka za m'ma 20 ndi 30. Kolera imayenda ndi madzi ndi chakudya, kubisa agogo kuchipinda uku akumwa madzi a pa chitsime chomwecho n'kungotaya nthawi. Choncho mawu akuti "ali pachiopsezo" amasintha ndi mliri. Kuno kwathu pafupifupi theka la anthu sanafike zaka 18 ndipo opitirira 65 sakwana atatu pa 100, zimene zimakoma kumva kwa amene afuna kubisa okalamba okha, koma muwerengenso kuti akulu pafupifupi 11 pa 100 alionse ali ndi HIV, kuonjezapo a TB, a shuga ndi a BP.

NJIRA YOYAMBA: KUTSEKERA ALIYENSE

Mtengo. Iyi ndi njira yodula kupambana zonse ndipo bilu imayamba kufika kwa wosauka. Ku Wuhan anatseka pa 23 Januwale 2020 kwa masiku 76. South Africa inayamba pa 27 Malichi, asilikali m'misewu, mowa ndi fodya zoletsedwa, kenako boma linayamba kupatsa osagwira ntchito R350 pa mwezi ndipo anthu anali kudandaulabe kuti ndi zochepa. Manje bweretsani zimenezo pa Chipata. Amai amene amaoda bokosi la matimati kudimba m'mamawa alibe masiku 21 okhala m'nyumba, ali ndi masiku atatu matimati asanaole, ndipo phindu la tsiku limenelo ndi limene ligula pamela ndi malasha a madzulo. Mnyamata wa njinga yonyamula anthu akapanda kupalasa lero sadya lero. Landilodi nayenso sadziwa lokidauni. Kumudzi nako Epulo mpaka Julayi ndi nthawi yokolola ndi kugulitsa chimanga, nshawa, soya, thonje ndi fodya, ndalama ya chaka chonse imalowa miyezi imeneyo. Ndipo boma lathu linalibe thumba lodyetsa dziko, mu Novembala 2020 linalephera kulipira $42.5 miliyoni ya ngongole ya kunja yotchedwa Eurobond. Thandizo lapadera la korona linali K400 pa mwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo linafika ku mabanja ena m'maboma ena chabe.

Kutheka. Kukhala m'nyumba kumafuna kuti madzi, chimbudzi ndi chakudya zikhale m'nyumbamo. Mu komboni madzi ali pa mpopi wa onse, chimbudzi chimodzi mabanja anayi, firiji kulibe ndiye ndiwo zimagulidwa za tsiku. Munthu wotere mungamuuze kuti asapite ku tauni koma simungamuuze kuti asakumane ndi anthu. India inalengeza lokidauni pa 24 Malichi 2020 anthu n'kupatsidwa maola anayi chabe, ndipo aganyu a m'mizinda anayamba ulendo wa pansi wa makilomita mazana kubwerera kwawo. Abale athu ku Malawi anayesa, ya masiku 21 inayenera kuyamba pa 18 Epulo, mavenda anachita zionetsero ndipo khoti lalikulu linaiimitsa kutatsala tsiku limodzi, nkhani yaikulu inali yakuti osauka adya chiyani. Za malire ndisanene zambiri, geti ya pa Mwami mungaikhome koma tonse tidziwa kuti pali anthu amene munda uli mbali ino apongozi ali ku Mchinji, ndipo sadutsira pa geti.

Kuisunga. Imafuna apolisi pa kona iliyonse, ndipo lamulo limene anthu sangalikwanitse limabala zikwapu ndi ziphuphu basi. Ku West Point mu mzinda wa Monrovia, nthawi ya Ebola mu Ogasiti 2014, anatchinga komboni yonse ndi asilikali, anthu anaukira, mfuti zinalira, mnyamata wina anafa, ndipo patatha masiku 10 anatsegula. Choipanso china n'chakuti kutseka n'kosavuta koma kutsegula palibe mtsogoleri amene afuna kusainira. Uganda inasunga ana kunyumba pafupifupi zaka ziwiri mpaka 10 Januwale 2022.

Zoopsa. Njala, anthu kudumpha ma ARV ndi mankhwala a TB chifukwa galimoto kulibe, ana kusapita ku sikelo, amai apakati kuberekera kunyumba, nkhanza m'mabanja pamene mwamuna wopanda ndalama akhala pakhomo tsiku lonse. Ndi atsikana. Kafukufuku wa dziko wa 2018 anaonetsa kuti 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali ndi pakati, apo sukulu zili zotsegula, ndipo kuno kum'mawa tidziwa kuti mtsikana akakhala pakhomo miyezi isanu ndi umodzi ena amayamba kuwerenga ng'ombe.

Koma ndisamunamizire mphunzitsi uja, njirayi imagwira ntchito. Anthu akasiya kukumana kachirombo kamasowa pokwera, zimenezo palibe wotsutsa. New Zealand inatseka msanga ndipo pofika Juni 2020 inalibe wodwala ndi mmodzi yemwe, kungoti iwo ali pa zisumbu ndipo ali ndi ndalama. Lokidauni sichiritsa, imagula masiku, ndiye funso ndi lakuti masikuwo mugula nawo chiyani. Ngati m'masabata awiri mubweretsa masilinda a okosijeni, muonjeza mabedi ndi kupeza amene anakumana ndi odwala, ndalama yagwira ntchito. Ngati mukudikira katemera, kumbukirani kuti kuno kwathu odwala oyamba analengezedwa pa 18 Malichi 2020 ndipo katemera woyamba, madozi 228,000 a AstraZeneca, anatera pa Lusaka pa 12 Epulo 2021. Miyezi 13 imeneyo palibe nkhokwe imene ikanapirira.

NJIRA YACHIWIRI: KUTETEZA OKHAWO ALI PACHIOPSEZO

Maganizowa si a mnyamata wa salaula yekha. Pa 4 Okutobala 2020 akatswiri atatu, Martin Kulldorff wa ku Harvard, Sunetra Gupta wa ku Oxford ndi Jay Bhattacharya wa ku Stanford, anatulutsa chikalata chotchedwa Great Barrington Declaration chonena zomwezi, kuti achinyamata abwerere ku moyo wawo, atenge matenda n'kuchira, kachirombo kasowe kolowera, uku okalamba atatchingidwa. Akatswiri ena ambiri anawayankha mu magazini ya The Lancet kuti zimenezo n'zoopsa, ndipo Tedros, mkulu wa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, ananena pa 12 Okutobala kuti kulekerera matenda amene sitinawadziwe bwino kuti ayende okha si chilungamo. Palinso ena ku London School of Hygiene and Tropical Medicine amene anaganizira maiko osauka ngati lathu, nati pa banja kapena pa mudzi pakhale chipinda kapena nyumba yopatulira okalamba okhaokha.

Mtengo. Kwa boma ndi yotchipa, msika uli wotsegula, msonkho ukulowa, ana ali kusukulu. Bilu imasamukira ku banja. Pafunika chipinda, beseni yawo, mbale yawo, munthu mmodzi wowatumikira amene nayenso achepetse kuyenda. Chachikulu chimene amene analemba pulaniyi ku America sanachione n'chakuti agogo athu sali pa tchuthi. Ndi agogo amene akulera ana amasiye, ndi agogo amene akugulitsa chibwabwa ndi delele pa msika, ndi agogo amene amatsala ndi khanda mayi wake akapita kukasakila. Mukawachotsa pa ntchito zimenezi wina alowepo, ndipo wina ameneyo nthawi zambiri ndi mtsikana wa giredi 8. Aphunzitsi ndi manesi a shuga nawonso ngati muwauza kuti akhale kunyumba malipiro aziyenda.

Kutheka. Apa ndinene za amai. Ali ndi zaka zopitirira 70, shuga ndi BP zonse ziwiri, ndipo mu Juni 2021 maliro atayamba kuchuluka tinagwirizana ndi mlongo wanga kuti tiwaike m'chipinda chakumbuyo chimene tinali kusungiramo matumba a chimanga. Tinasesa, tinaika matiresi, wailesi, ndi kampando pakhomo kuti mbale ya nsima izisiyidwa pamenepo. Masiku awiri oyamba zinayenda. Lachitatu m'mamawa ndikutsegula chitseko ndinapeza kamdzukulu kawo ka zaka zinayi kali m'bulangeti mwawo kakuliza mkonono, kamene masana onse kanali kusewera ndi ana a nyumba zisanu. Ndinati amai, tinapangana chiyani? Iwo akuti mwana walira pakhomo usiku ine ndimubweze ngati galu? Sindinayankhe. Tsiku lachisanu ndi chinayi kunabwera foni yakuti alamu awo amwalira kumudzi cha ku Katete, ndipo ndinawapeza atamanga kale chitenje chikwama chili m'manja. Ndinayesa kuwaletsa, anandiyang'ana n'kunena kuti iwe ukadzafa anthu adzatumiza foni? Anapita, anagona pa maliro masiku awiri m'nyumba yodzaza amai oimba, anabwerako bwinobwino, koma ameneyo ndi mwayi chabe osati pulani yanga.

Ndipo ife tinali ndi chipinda. Banja la anthu asanu ndi awiri m'zipinda ziwiri za lendi lilibe. Chodabwitsa n'chakuti kumudzi njirayi itheka kuposa m'tauni, chifukwa nyumba n'zopatukana kale, anthu amakhala panja tsiku lonse, ndipo kumanga kanyumba kena ndi nkhani ya mitengo ndi udzu. Chofunika kusintha ndi kuka, atsikana amene amagona ndi agogo asamuke.

Vuto lina ndi kudziwa kuti obisidwawo ndani. Ku England boma linali ndi mabuku a chipatala a munthu aliyense, linalembera anthu pafupifupi 2.2 miliyoni kuti akhale m'nyumba ndipo ena linali kuwatumizira makatoni a chakudya. Kuno anthu ambiri a BP ndi shuga amadziwa tsiku limene agwa. Ndiye palinso HIV, mukalengeza kuti amene ali ndi matenda ena asabwere ku tchalitchi, bambo wa zaka 35 wooneka wathanzi akapanda kubwera anthu ayamba kuwerengetsa zala. Ambiri angasankhe kubwera kusiyana ndi kudziulula. Ndipo nkhani yakuti ife ndife achinyamata korona inatidumpha muitenge mosamala, ofufuza anayeza mitembo 364 ku mochale ya chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka pakati pa Juni ndi Sepitembala 2020 napeza kachirombo mwa 70, ambiri mwa iwo anafera kunyumba osayezedwa. Manambala a pa wailesi sanali kuwerenga onse.

Kuisunga. Lokidauni ndi ya masabata, iyi ndi ya miyezi kapena chaka, ndipo wolondera si wapolisi koma inu mwana wawo, amene mwambo sukulolani kukweza mawu kwa amai anu. Munthu wamkulu akakhala yekha amasiya kudya, amayamba kuganiza kuti mwamutaya. Komanso tisabise, m'midzi yathu nkhalamba yokhala payokha imene ana auzidwa kuti asaiyandikire sichedwa kutchulidwa ufiti, ndiye mfumu iyenera kulengeza poyera chifukwa chake zisanayambe. Mbali imene inayenda bwino ndi ya mankhwala, makliniki anayamba kupereka ma ARV a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi kuti anthu asamadzazane pa mzere, chimenecho ndi chitetezo chenicheni chopanda chitseko. Ndalama za pa foni nazonso zinathandiza, agogo safunika kukwera minibasi kukatenga zimene mwana watumiza kuchokera ku Kitwe.

Zoopsa. Mpanda umalimba malinga ndi moto umene uli kunja. Matenda akadzaza komboni yonse, wobweretsa nsima uja ndi amene abweretsa kachirombo, ndipo sadzadziwa chifukwa adzakhala asanayambe kutsokomola. Sweden ndiyo anthu amaitchula kwambiri, sinatseke dziko, ana aang'ono anapitiriza sukulu, inaletsa alendo m'nyumba zosungira okalamba kuyambira 1 Epulo 2020, koma kachirombo kanalowabe ndi antchito ndipo mu Disembala komiti imene boma linaika inanena kuti dziko linalephera kuteteza okalamba, mfumu yawo nayo inavomera pa TV. Ngati zinadontha ku Sweden ganizirani ku komboni ya Magazine. N'chifukwa chake pulani yosonkhanitsa nkhalamba za mudzi wonse m'nyumba imodzi ine sindiikonda, mmodzi akadwala mwaika nkhuni zouma zonse pa moto umodzi. Chachiwiri, achinyamata amafa ochepa pa 100, koma akadwala onse mwezi umodzi ochepawo amakwana kudzaza wodi ndi kumaliza okosijeni, ndiye wa ngozi ya pa Great East Road ndi mayi wofuna opaleshoni amasowa bedi. Chachitatu, chiyembekezo chakuti ukadwala kamodzi basi watha sichinakwaniritsidwe, kunabwera mitundu ina ya korona monga Beta, Delta, Omicron, anthu anadwala kawiri katatu, ena anatsala ndi kutopa ndi befu miyezi yambiri. Ndipo chenjerani ndi atsogoleri amene amanena kuti titeteza okalamba pamene akutanthauza kuti sitichita kanthu. Zimene zinachitika ku Tanzania nthawi ya pulezidenti Magufuli, kusiya kulengeza manambala n'kunena kuti korona yatha, si njira yachiwiri ai, ndi kutseka maso.

NJIRA YACHITATU: KUTSEKA MALO ENA, NTHAWI INA

Iyi ndi imene tinakhalamo, ngakhale ambiri amaiwala kuti Zambia sinakhalepo ndi lokidauni ya dziko lonse. Masukulu anatsekedwa pa 20 Malichi 2020, pa 25 Malichi a Lungu, pulezidenti wa nthawiyo, analengeza kuti mabala, manaitikilabu ndi majimu atseke, malesitilanti azigulitsa zonyamula chabe, misonkhano isapitirire anthu 50. Misika inatsala yotsegula. Kafue anaitseka pa 15 Epulo kuti ayeze anthu, malire a Nakonde anatsekedwa pa 11 Meyi odwala atachuluka kumeneko. A giredi 7, 9 ndi 12 anabwerera pa 1 Juni, ena onse mu Sepitembala. Ngakhale Kulamba ku Mkaika sikunachitike mu 2020.

Mtengo. Wapakati, koma sugwa mofanana. A mabala, oimba, ophika za maukwati ndi antchito a malodge ku Mfuwe analipira m'malo mwa tonse, ndipo ana analipira ndi miyezi ya sukulu imene maphunziro a pa TV sanabweze, nanga kumudzi TV ndi mabandulo azitenga kuti.

Kutheka. Iyi ndiyo yokha imene zida zake tili nazo. Masiki ya chitenje telala aliyense asoka, ndowa ya mpopi ndi sopo pakhomo la shopu, mapemphero pansi pa mtengo, mawindo a minibasi otsegula. Nyengo yathu imatilola kukhala panja, ndipo kachirombo ka mumpweya kamakonda chipinda chotseka chodzaza anthu oimba kapena okuwa.

Kuisunga. Apa ndi pamene imafookera. Masiki inatsikira pa chibwano, ndowa ija inauma n'kukhala chokongoletsa, mabala anatseka kutsogolo n'kutsegula kumbuyo. Lamulo likamasinthasintha anthu amatopa nalo, ndipo akaona akuluakulu akuliphwanya amalitaya. Mu 2021 misonkhano ikuluikulu ya kampeni inaletsedwa koma magalimoto a zipani anali kukoka chinamtindi cha anthu m'misewu, mwezi womwewo umene Delta inali kutentha, kenako mumuuze bwanji wamasiye kuti pa maliro a mwamuna wake pabwere anthu 50 chabe.

Zoopsa. Imachepetsa liwiro koma siimitsa. Funde likakhala lalikulu monga la Juni ndi Julayi 2021 imachepa mphamvu, zipatala zinadzaza, okosijeni anavuta, masukulu anatsekedwanso. Ndipo ikachedwa ndi masabata awiri mumalipira mtengo wake popanda kulandira phindu lake.

NDIYE ITI, PATI?

Matenda akakhala atsopano, osadziwika kuti akupha ndani, ndipo ali pa malo amodzi monga pa malire kapena komboni imodzi, tsekani pamenepo, msanga, kwa masiku owerengeka amene mwalengeza, unga ndi madzi zilowe tsiku loyamba lomwelo. Ngati chakudya palibe musayambe n'komwe. Chimodzimodzi ngati mliri ukupha ana ndi anthu a mphamvu monga wa 1918, pamenepo palibe gulu laling'ono loti mubise, ndipo kutseka masukulu kumene pa korona ndinali kukayikira kumakhala koyamba.

Zipatala zikatsala pang'ono kudzaza, sabata ziwiri kapena zitatu zotseka mabala, maukwati, misonkhano ya ndale ndi mapemphero a usiku wonse zili ndi phindu, msika ndi minda zisiyeni. Lokidauni ya dziko lonse ya miyezi, pa chuma chathu, ine sindiivomereza.

Matenda akakhala osankha okalamba monga korona, njira yachitatu ikhale pansi ngati maziko ndipo kuteteza agogo kukhale pamwamba pake, osati m'malo mwake. Apa ndi pamene ndisiyana ndi mnyamata wa salaula, iye akufuna moyo wake usasinthe olo pang'ono, pamene chitetezo cha agogo ake chili pa masiki yake ndi kumene amapita Loweruka usiku. Katemera akafika ndiye kusankha gulu kumagwira ntchito bwino kwambiri, okalamba, odwala ndi manesi patsogolo, enafe pambuyo.

Ikakhala kolera iwalani zonsezi, nkhani ndi klorini, madzi owiritsa, zimbudzi, chakudya cha m'mbali mwa msewu ndi kusasambitsa mtembo pa maliro.

A komiti ya tchalitchi, musalembe mndandanda wa odwala. Ikani mapemphero afupi a m'mamawa panja, nenani kuti ndi a aliyense amene afuna, achikulire adzabwera ndipo wa ma ARV adzabwera popanda womufunsa. Mafumu, nkhani yanu ndi maliro, chifukwa ndi kumene ngakhale amai anga sindinathe kuwaletsa, ndiye m'malo moletsa fupikitsani, kuika mawa lake, achikulire akhale panja pa mphepo ndipo asagone m'nyumba ya siwa. A komiti ya msika, matebulo a amai achikulire apite kumapeto kumene kuli mpweya, kapena mulole mdzukulu agulitse pa tebulo lawo osalanda malo.

Pa banja, ngati muli ndi chipinda chapadera chigwiritseni ntchito pa masabata amene funde lakwera chabe, osati chaka chonse, ndipo agogo azikhala pa khonde masana ana akusewera chapatali kuti aziwaona. Ngati kumudzi kuli abale odalirika ndi kliniki yapafupi, kuwapititsa kumeneko matenda asanafike n'kwanzeru, koma akafika kale m'nyumba mwanu musawatumize, mungotumiza kachirombo pa basi. Ngati muli m'chipinda chimodzi cha lendi ku Nabvutika, kubisa kulibe, chimene mungathe ndi kuwagoneka pafupi ndi windo lotsegula, kuwatengera mankhwala a miyezi ingapo, kuwachotsa pa mzere wa madzi ndi mu minibasi, ndipo amene wayamba kutsokomola ndi amene akagone kwa aneba kapena kukhitchini, osati agogo.